Mbiri ya Sukulu za Nchito mu Lusaka

Caka ndi caka anyamata ndi atsikana zikwi zambiri amatsiriza sukulu mu Lusaka, nayamba kuyenda ofesi ndi ofesi, makalata ali m'manja, kufunafuna nchito. Masiku ano uphungu umene amalandira kwa akulu ao ngumodzi: "Pita ukaphunzire kompyuta." Boma nalonso laika ndalama zambiri zolipirira acinyamata ofuna maluso, ndipo luso la kompyuta liri pakati pa maluso amene ambiri amathamangira. Tsono ife tifunse: kodi maphunziro amenewa ali ndi mphamvu yompezetsa munthu nchito, kapena angompatsa pepala lokapacika pa khoma? Funso limeneli si la lero. Analifunsa agogo athu pamene anali kuphunzira kupala matabwa, analifunsanso makolo athu pamene anali kuphunzira taipi. Cifukwa cace tiyeni titsate mbiri ya sukulu za nchito mu mzinda uno kuyambira paciyambi, kuti tipeze muyeso woyesera sukulu za masiku ano.

MZINDA WOGAWIKA PAWIRI

Lusaka inayamba m'caka ca 1905 monga kasiteshoni kakang'ono pa njanji yocokera ku Livingstone kupita ku Broken Hill, kumene tsopano titcha Kabwe. Dzinali linatengedwa kwa mfumu ya mudzi wa pafupi, Lusaaka. M'caka ca 1935 Boma la Northern Rhodesia linasamutsira likulu lace kuno kucokera ku Livingstone. Amene analemba mapulani a mzinda watsopanowo anaika maofesi a Boma ndi nyumba za Azungu pamtunda wa kum'mawa kwa njanji, ndipo m'kupita kwa zaka mayadi ao anafika ku Woodlands ndi ku Kabulonga. Anthu akuda anawapatulira makomboni. Ku Kabwata Boma linamanga tinyumba tozungulira ta udzu, toti azigonamo amuna anchito amene anasiya akazi ndi ana kumudzi, pakuti munthu wakuda anayesedwa mlendo wodzagwira nchito, osati mwini mzinda. Tina mwa tinyumbato tiripobe pa Kabwata Cultural Village, pamene amisiri osema amagulitsa ziboliboli.

Maphunziro naonso anagawika comweco. M'zaka za Federeshoni ya Rhodesia ndi Nyasaland, kuyambira 1953 kufikira 1963, ana a Azungu anali kuphunzira m'sukulu zosungidwa ndi Boma la Federeshoni, monga Gilbert Rennie ndi Jean Rennie, zimene lero ziri Kabulonga Boys ndi Kabulonga Girls. Sukulu za anthu akuda zinatsalira m'manja mwa Boma la dziko lino ndi a mishoni, ndipo ndalama zoonongedwa pa mwana mmodzi wakuda zinali zocepa kutali ndi za mwana wa Mzungu.

SUKULU YA HODGSON

Pa nthawi yomweyo imene likulu linali kumangidwa, pakati pa zaka za m'ma 1930, Boma linatsegula mu Lusaka sukulu ya amisiri yotchedwa Central Trades School, kumene anyamata anali kuphunzira ukalipentala ndi kumanga ndi njerwa. Pamalo pomwepo m'caka ca 1939 panayambika sukulu ya sekondale yoyamba ya Boma ya anthu akuda, ndiyo Munali, kumene Kenneth Kaunda analowa m'caka ca 1941. Pambuyo pace Munali inasamukira ku mseu wa Great East, pa njira yopita ku Chelstone, koma amisiri anatsala pamalo akale, ndipo sukulu yao inatchedwa Hodgson, potengera dzina la Mzungu amene anaitsogolera. Malowo ndiwo ali David Kaunda Technical lero.

Kodi maphunziro a kumeneko anali otani? Mbali ina anali okoma ndithu. Mnyamata anali kugwira sowo, nyundo ndi copalira matabwa ndi manja ace tsiku ndi tsiku, pamaso pa mphunzitsi amene iye mwini anali mmisiri. Ndipo nchito ya mmisiri sibisika: citseko cikapendama cimakana kutseka, khoma likakhota aliyense wodutsa amaliona. Kunali kobvuta kuti munthu atuluke pamenepo ndi setifiketi manja ali osadziwa kanthu.

Coipa cinali panja pa mpanda wa sukulu. Kuti munthu ayesedwe mmisiri wathunthu, anayenera kulembedwa pa kampani monga wophunzira nchito kwa zaka zingapo, pansi pa mmisiri wamkulu. Lamulo silinalole munthu wakuda kulembedwa motero kufikira kumapeto kwa zaka za m'ma 1950. Ku migodi ya Copperbelt nakonso bungwe la anchito a Cizungu linalimbika kuti nchito zaluso zikhale za Azungu okha. Motero wotuluka ku Hodgson, ngakhale anali waluso cotani, kawirikawiri anali kukhala wothandiza cabe, nalandira malipiro ocepa kwambiri poyerekeza ndi Mzungu wogwira nchito yomweyo. Makolo anaziona zimenezi, nayamba kukankhira ana ao ku ukalaliki ndi ku uphunzitsi, kumene munthu anali kubvala tayi ndi kulemekezedwa. Pamenepo m'pamene panamera maganizo amene atisautsa kufikira lero, akuti pepala liposa manja.

ZAKA ZA UFULU

Pa 24 October 1964, pamene Zambia inalandira ufulu, m'dziko lonse munali anthu akuda pafupifupi 100 okha amene anatsiriza maphunziro a yunivesite, ndi osafika 1,500 amene anali ndi setifiketi yathunthu ya sekondale. Maofesi anali kulira akalaliki, alembi ndi osunga mabuku a ndalama. Migodi ndi njanji zinali kulira amisiri. Evelyn Hone College, imene inatsegulidwa m'caka ca 1963 pa Church Road, nitchedwa dzina la Bwanamkubwa womariza, inadzala ndi ophunzira taipi, ulembi ndi kuwerengera ndalama. University of Zambia inatsegulidwa m'caka ca 1966. M'zaka zimenezo wophunzira wambiri anali kudziwa kumene adzagwira nchito asanalembe nkomwe mayeso ace omariza.

M'caka ca 1967 Boma linaitana katswiri wa ku Canada, W. A. B. Saunders, kuti adzaone m'mene amisiri angaphunzitsidwire. Iye analangiza kuti njira yakale yophunzirira pa kampani ilekedwe, ndipo m'malo mwace Boma likhale ndi sukulu zace zoti acinyamata aziphunziramo tsiku lonse asanalowe nchito. Boma linabvomera, nilikhazikitsa bungwe loyang'anira maphunziro a umisiri m'caka ca 1968, ndipo lamulo la 1972 linaika nchitoyo m'dipatimenti ya Boma. Sukulu zotchedwa Trades Training Institute zinakhazikitsidwa m'zigawo zosiyanasiyana, ina ya izo mu Lusaka, imene lero iri Lusaka Business and Technical College.

Njira imeneyi inali ndi cilungamo cace, pakuti inacotsa kiyi m'manja mwa makampani amene anazolowera tsankho. Koma walira mvula walira matope. Sukulu ndi nyumba ya nchito zinayamba kutalikirana. Wophunzira pa kampani amagwira makina omwewo amene kampani igwiritsa nchito caka cimeneco. Wophunzira pa sukulu amagwira makina amene Boma linatha kugula. Ndalama ziri zambiri, kusiyana kumeneku sikunaoneke. Koma m'caka ca 1975 mtengo wa mkuwa unagwa m'misika ya kunja, ndalama za Boma zinacepa, ndipo makina a m'sukulu anakalamba popanda olowa m'malo mwao. Aphunzitsi ena aluso anacoka kukafuna malipiro abwino kwina.

Nkhonya yaciwiri inadza pambuyo pa 1991, pamene Boma la Frederick Chiluba linayamba kugulitsa makampani a Boma. Ena anatsekedwa ndithu: Zambia Airways inatha mu December 1994, ndipo kampani ya mabasi ya UBZ inatsatira m'caka ca 1995. Anthu zikwi zambiri anacotsedwa nchito. Sukulu za umisiri zinapezeka kuti zikonzera acinyamata makampani amene kulibenso. Pofuna kukonza cimeneci Boma linalemba mfundo zatsopano m'caka ca 1996, ndipo lamulo la 1998 linabala bungwe la TEVETA, limene nchito yace ndi kulemba m'kaundula sukulu zonse za maluso, za Boma ndi za anthu wamba zomwe, kuziyendera, ndi kubvomereza zimene ziphunzitsa. Kuyambira pamenepo wophunzira anayamba kuuzidwanso kuti aphunzire kudzilemba nchito yekha.

KUFIKA KWA KOMPYUTA

M'caka comweco ca 1994 cimene ndege za dziko zinaleka kuuluka, akatswiri a pa University of Zambia analumikiza dziko lino ku intaneti kudzera m'kampani ya ZAMNET, ndipo Zambia inakhala pakati pa maiko oyamba m'Afirika kucita cimeneci. M'zaka zotsatira makina otaipira anatuluka m'maofesi mmodzimmodzi, kompyuta nilowa m'malo mwao. Timasukulu ta anthu wamba tinamera m'zipinda za pamwamba pa masitolo a m'tauni, tophunzitsa kulemba kalata ndi kuwerengera ndalama pa kompyuta kwa milungu yowerengeka. Pa nthawi imeneyo ngakhale luso laling'onoli linali lopezetsa nchito, cifukwa olidziwa anali ocepa.

Boma linalowa m'nkhaniyi mwamphamvu m'caka ca 2014, pamene phunziro la kompyuta linaikidwa kuti likhale lokakamiza kwa ana a Giredi 8 ndi 9. Colinga cinali cabwino, koma zida zinatsalira m'mbuyo. Mu November 2015 ana a Giredi 9 analemba kwa nthawi yoyamba mayeso ocita ndi manja a phunzirolo. M'sukulu zambiri m'dziko muno makompyuta anali owerengeka pa ana mazana, kotero kuti anawo anali kulowa m'magulu, ena kudikira anzao. Caka cimeneco madzi anali atacepa m'damu la Kariba, ndipo magetsi anali kuzimazima. Cotsatira cace cinali cakuti ana ena anatsiriza mayeso pakati pa usiku, makolo ali cidikirire pa zipata. Ambiri a iwo anali ataphunzira kompyuta pa bolodi, mphunzitsi akujambula ndi coko mabatani amene mwana sanawakhudzepo. Kodi alipo anaphunzira kupalasa njinga pomvera cabe nkhani ya njinga?

Usiku umenewo unaonetsanso kuti mzere wakale wogawa mzinda sunafafanizike, koma unangosintha maonekedwe. Lamulo losankha khungu linatha kalekale, ndipo ku Kabulonga ndi ku Woodlands tsopano kukhala eni dziko. Komabe mwana wa m'nyumba imene muli kompyuta amafika pa sukulu zala zitazolowera kale, pamene mnzace wa m'nyumba yopanda cidaco ali ndi maola a m'kalasi okhawo. Pamene bungwe la ZICTA linafufuza m'caka ca 2018, linapeza kuti m'dziko lonse anthu osafika 7 pa 100 alionse ndiwo anali kudziwa kugwiritsa nchito kompyuta. Kwa mwana wa mmphawi, tsono, sukulu yopanda makina okwanira iri ngati citsime couma, pakuti alibe kwina kokatunga.

NDALAMA ZIFIKA

Kwa zaka zambiri dandaulo la sukulu za maluso linali kusowa kwa ndalama. Lamulo la 2016 linaika msonkho wa maluso, umene olemba anthu nchito anayamba kupereka mu January 2017: ngwee 50 pa K100 iriyonse ya malipiro a anchito ao. M'caka ca 2021 Boma la Hakainde Hichilema linakhazikitsa unduna wa Technology and Science, nilipereka sukulu za maluso m'manja mwace. Koma kusintha kumene kunafika pakhomo pa anthu kunadza ndi thumba la citukuko ca m'zigawo za aphungu, lodziwika ndi dzina lakuti CDF. Thumbali linali K1.6 miliyoni pa cigawo ciriconse, koma m'caka ca 2022 linakwezedwa kufika pa K25.7 miliyoni, ndipo gawo lace lina linapatulidwa kuti lizilipirira ana a m'sukulu zogonera konko ndi acinyamata ophunzira maluso. M'caka cimeneco mnyamata wa ku Chelstone anali kupempha thandizo ku cigawo ca Munali, wa ku Kabulonga ku Lusaka Central, wa ku Kabwata ku cigawo ca Kabwata, ndipo pempho linali kuyambira ku komiti ya citukuko ya m'wadi mwace.

Palibe angakane kuti thandizo limeneli latsegulira njira acinyamata ambiri amene makolo ao sakadatha kulipira. Koma ndalama zocuruka ziri ndi ngozi yace, ndipo ngoziyo iri m'kalipiridwe. Sukulu imalandira malipiro molingana ndi mitu ya ophunzira amene yalemba. Ikalemba ophunzira 60 m'cipinda ca makompyuta 15, ndalama zace ziri zomwezo ngati ikadakhala ndi makompyuta 60. Wophunzira akatsiriza nakhala caka conse wopanda nchito, sukuluyo sitaya kanthu. Mwini sukulu woona mtima adzagula makina ndi kulemba aphunzitsi abwino, koma wosaona mtima alibe comukakamiza kupatula maso a oyendera. Naco ciwerengero cimene cimamveka kawirikawiri pa misonkhano ndi ca olandira thandizo. Ciwerengero coposa ico kufunika kwace ndi ca amene akudya za luso lao patapita caka cimodzi.

Bvuto la magetsi nalo linabweranso. M'caka ca 2024 kunagwa cilala coopsa, madzi a ku Kariba anatsikanso, ndipo m'miyezi ina nyumba zambiri za mu Lusaka zinali kulandira magetsi maola 3 okha pa tsiku. Kalipentala angathe kupala thabwa popanda magetsi, koma wophunzira kompyuta pa sukulu yopanda sola kapena jenereta amabwerera ku bolodi ndi coko.

Cinanso ncakuti luso la kompyuta limakalamba msanga kuposa la njerwa. Kudziwa kulemba kalata pa kompyuta, kumene kunali kopezetsa nchito m'zaka za m'ma 1990, lero kwafanana ndi kudziwa kuwerenga: ncofunika kwa aliyense, koma palibe akulipira munthu cifukwa ca ico cokha. Amene apeza ndalama ndi iwo amene atha kucita cinthu cimene wina acisowa: kukonza foni kapena kompyuta yakufa, kuyala nthambo za intaneti m'maofesi, kusunga mabuku a sitolo ndi kutumiza makalata ace a msonkho ku ZRA pa intaneti, kujambula ndi kusindikiza zikwangwani, kapena kulemba mapulogalamu. Ndipo taonani cinthu codabwitsa. Ambiri mwa anyamata okonza mafoni m'timisasa ta pa Town Centre Market anaphunzira pokhala pambali pa mmisiri mnzao, kumpatsira zida ndi kuyang'ana zala zace. Njira yakale ija imene Boma linaileka potsata uphungu wa Saunders inabwerera yokha kudzera kumsika.

MUYESO WACE

Mbiri imeneyi itiphunzitsa kuti maphunziro a nchito ali ngati mphika wokhala pa mafuwa atatu. Fuwa loyamba ndi cida m'manja mwa wophunzira. Laciwiri ndi mphunzitsi amene anaigwirapo nchitoyo. Lacitatu ndi khomo lolowera kumene nchitoyo igwiridwa. Pa Hodgson mafuwa awiri analipo, koma lamulo la tsankho linacotsa lacitatu. Pambuyo pa ufulu onse atatu anakhalapo kanthawi, kufikira makina anakalamba ndi makampani anatsekedwa. Mu 2015 linasowa loyamba. Ndalama za CDF ndizo nkhuni, ndipo nkhuni zingacuruke cotani, mphika wa pa mafuwa awiri udzagubuduka.

Tsono inu amene mwatsiriza sukulu, mukapatsidwa mwai wa thandizo la Boma, musathamangire sukulu cifukwa ca cikwangwani cace cokongola. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Yambani mwafunsa ngati sukuluyo inalembedwa ku TEVETA, ndiponso ngati inaloledwa kuphunzitsa phunziro lomwelo limene mufuna, pakuti cilolezo ca phunziro lina sicikwanira pa linzace. Pemphani kuona cipinda ca makompyuta, muwerenge amene ayaka, nimufunse kuti m'kalasi mudzakhala angati. Funsani cimene cicitika magetsi akazima. Funsani kumene mphunzitsi anagwirapo nchito imene aphunzitsa, ndi kumene mudzatumizidwa kukayesa manja anu musanatsirize. Funsaninso amene alemba mayeso ndi kupereka setifiketi, ngati ndi bungwe lodziwika kapena ndi sukulu yomweyo. Koposa zonse, funafunani anthu awiri kapena atatu amene anatsiriza pamenepo caka catha, mumve kwa iwo okha cimene akucita tsopano. Sukulu yabwino sikwiya ndi mafunso otere. Safunsa anadya phula, ndipo mwai wotere subwera kawirikawiri kwa munthu mmodzi.

Makomiti a m'mawadi ndi aphungu naonso ali ndi mbali yao. Iwo ndiwo asankha ophunzira ndi kubvomereza ndalama, motero ali ndi mphamvu yofunsa sukulu iriyonse kuti ionetse kumene ophunzira ace akale ali, isanalandire ena atsopano. Akadzacita cimeneci caka ndi caka, nauza anthu poyera, sukulu zabwino zidzadziwika ndipo zacinyengo zidzafota zokha. Ndalamazo si mphatso ya munthu. Ndi msonkho wa amai ogulitsa pa Soweto Market ndi abambo oyendetsa mabasi a ku Chelstone.

Anyamata a pa Hodgson anali ndi manja aluso, koma anapeza khomo lotsekedwa ndi lamulo, ndipo analibe liu lamphamvu m'Nyumba ya Malamulo loti alitsegulire. Inu muli ndi phungu, muli ndi komiti, muli ndi ufulu wofunsa. Augwiritse nchito ufuluwo aliyense asanalembe dzina lace m'kaundula wa sukulu.